Ndiye mumapindulapo chani, ankolo?

Mwezi wathawu kunyumba kunabwera mwana wa achemwali anga, mnyamata wanzeru zake, wangomaliza kumene ku koleji ndipo pano akuzungulira mtauni ndi envulopu ya khaki ngati anzake onse. Anandipeza kuseri ndikutsuka tizigubu tomwera nkhunda. Anaima kaye nkumayang'ana khola lija, kuwerenga nkhunda ndi chala, kenako anatulutsa foni nkuyamba kudinadina. Patapita kanthawi akuti, "Ankolo, apatu mukugonera ndalama. Peyala iliyonse imaswa maunda awiri, mutamagulitsa kwa anthu okonda kanyenya simungalephere kupha ya magetsi ndi madzi pamwezi, tingotsegula peji pa Facebook basi." Ndinamuuza kuti nkhunda zanga sindigulitsa. Zikachuluka ndimapatsa anthu, pena timadya pakhomo kukabwera mlendo kapena wina akadwala nkumakana ndiwo zina. Anandiyang'ana modabwa zenizeni, osati mwachipongwe ayi, nkundifunsa funso limene landikhazika pansi kulemba zonsezi, "Ndiye mumapindulapo chani, ankolo?"

Tsiku limenelo sindinamuyankhe bwino chifukwa yankho lake silolowa mu foni yowerengera ija. Ine ndimadzuka cha mma 5 koloko kunja kusanayere bwino, ndisanagwire foni, ndisanalankhule ndi munthu. Ndimatenga kambale ka misere yosakaniza ndi mapira pang'ono, ndikangokagwedeza mkhola muja mumayamba chipwirikiti, zazimuna kulira kwawo kochokera pakhosi kuja, ndiye ndikatsegula kachitseko zimatuluka zonse nthawi imodzi mapiko phaphapha ngati anthu akuwomba mmanja mtchalitchi. Zimazungulira kaye kawiri katatu pamwamba pa malata a aneba, mbali ya phiri la Soche uko, nkubwerera kudzatera pabwalo. Pali ina yofiirira yothyoka chala imene siitera ndi zinzake, imadikira pa chingwe choyanikira zovala mpaka ndiithirire payokha. Ndimaziwerenga, ndimasuzumira mzisa ngati muli dzira latsopano, ndipo ndimadziwa kuti pakatha masiku 18 kapena kuposera pang'ono ndipezamo kanthu kamaso otseka, kaubweya wachikasu, kosaoneka ngati kangadzauluke tsiku lina. Mphindi 20 basi, kenako ndikasambe nkupita kukalimbirana minibasi ya ku Limbe. Koma munthu amene amakwera minibasi ija atayamba wadyetsa nkhunda ndi wina, amene amakwera atadzukira mu WhatsApp ndi wina, onse awiriwo ndinakhalapo ine ndemwe nde kusiyana kwake ndikukudziwa bwino.

Nkhani yanga ndi yakuti funso la mnyamata uja latilowerera paliponse ndipo likutilanda zinthu zimene zimachititsa kuti tsiku likhale lofunika kulidzukira. Kale geni inali ndi malo ake, kumsika, kusitolo, kumunda wa fodya, ukaweruka kumeneko umabwerera kukakhala munthu pakati pa anthu. Pano chilichonse chimene ukuchikonda anthu amafuna uchisandutse geni. Mtsikana akaphika keke yokoma ya tsiku lobadwa la mng'ono wake, anthu asanameze nkomwe ayamba kale kuti bwanji osayamba maoda. Woimba bwino mu kwaya akuti ukuchedwa chani apa, katulutse nyimbo yako. Ngakhale anzathu enieni pano tikuwatcha makonekishoni, nambala ya munthu timaisunga poganiza kuti tsiku lina adzatilowetsa penapake, ndipo amene sangatilowetse paliponse foni yake timangoiyang'ana ikuitana mpaka idule.

Sindikumunyoza mnyamatayo, ndipo amene akufuna kumunyoza ayambe wayenda nawo ulendo wa envulopu uja sabata imodzi. Ana awa akula akuona ndalama ikusungunuka mmanja mwa makolo awo. Mu May 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, tisanapume nkomwe mu November 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, malipiro ali pompaja, lendi yakwera, chimanga chakwera, feteleza ndiye osanena, mafuta a galimoto mpaka kugonera pamzere. Munthu woona zimenezi ukamuonetsa nkhunda 30 zikungouluka, iye akuona ndiwo ndi mayunitsi a magetsi zikuuluka, ndipo sakulakwa. Kuwonjezera apo pa foni pake tsiku lililonse pakubwera anthu ovala masuti omuuza kuti ukagona maola 8 umphawi ukuufuna wekha, kuti anzako osakubweretsera ndalama uwataye, kuti chilichonse chimene ukuchita chizikulipira. Kwa munthu wopanikizika uthenga umenewu umamveka wanzeru. Koma ine ndikuti ndi woopsa, chifukwa pansi pake ukunena kuti moyo udzayamba tsiku limene ndalama zidzakwane, pomwe ndalama kuno sizikwana olo kwa amene timawaona ngati zawo zinayera.

Ndikunena izi chifukwa moyo wa "ndikadzapeza" ndinaukhalapo zaka zambiri ndipo unandidyera chinthu chimene sindidzachipezanso. Amene anandiphunzitsa nkhunda ndi malume anga kumudzi ku Ntcheu, omwe anandilera bambo atatisiya. Nditabwera mtauni nkupeza kantchito ndinkangoti ndipita kukawaona ndikapeza kogwira mmanja, mukudziwa manyazi athu aja ofika kumudzi chimanjamanja anthu nkumati wa mtauni wabwera opanda olo paketi ya shuga. Mwezi uno lendi, wamawa fizi, Khirisimasi ino ayi tidikire inayo. Akaimba foni ankangoti, "Iwe tabwera, nzimbe zilipo kudimba, ife tikufuna nkhope yakoyo." Ine nkumati posachedwa malume, posachedwa. Tsiku limene anthu anandiimbira kuti malume atisiya, ya thiransipoti inapezeka pasanathe ola limodzi. Ya bokosi inapezeka, ya ufa, ya nyemba ndi kabichi wa pamaliro inapezeka, ndinakongola uku ndi uku osachita manyazi ngakhale pang'ono. Ndili mu basi kuchokera pa Zalewa mpaka pa Chingeni ndinkangodzifunsa kuti ndalama imeneyi inali kuti nthawi yonse ija munthuyo ali moyo nkumandiitana. Tonse timazidziwa izi abale, ya maliro imapezeka tsiku lomwelo, yokaona wamoyo ndi imene timati tidikire mwezi uthe. Pobwerera ndinatenga maunda awiri mkhola mwawo, ndinawaika mu katoni yoboolaboola nkuwanyamula pamiyendo, ndipo zonse zili kuseri kwangazi ndi zidzukulu za awiri amenewo. Nde wina akandifunsa mtengo wake ndimasowa poyambira.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Ife timakonda kuganiza kuti chisangalalo ndi chochitika chachikulu, ukwati wa pa holo wa perekaniperekani wa maola atatu, tsiku logula galimoto, tsiku lolowa nyumba yakoyako, ulendo wa kunyanja ku Mangochi wojambulitsa zithunzi zoika pa sitetasi. Zonsezo nzabwino ndipo nanenso ndimazifuna. Koma tawerengani masiku oterowo pachaka, akwana angati? Mwina asanu chaka chikakhala chabwino. Masiku 360 otsalawo ndi odzuka, kusamba, ntchito, kubwerera, nsima, kugona, ndipo ngati mmasiku amenewo mulibe kanthu kalikonse kamene umakayembekezera ndi mtima wonse, kaya ndi nkhunda, kaya ndi bedi la mpiru kuseri kwa bafa, kaya ndi pulakatisi ya kwaya madzulo, ndiye kuti moyo wako wonse ukuthera pa depoti kudikira basi. Ndiponso galimoto ija ikabwera imakoma miyezi iwiri itatu kenako imasanduka chinthu chofuna mafuta ndi matayala, pomwe kanthu kakang'ono kochita tsiku ndi tsiku sikatha kukoma chifukwa sikaima malo amodzi, lero dzira laswa, mawa mpiru wagwidwa nsabwe uwaze phulusa, mkuja nyimbo imene yakhala ikuwavuta a alito mwezi wonse yatheka mpaka oimba okha kuchita tsemwe.

Mukafuna kuona mmene funso la phindu limaphera chinthu chokoma, taonani zimene zachitika ndi mpira. Ndikukumbuka usiku wa pa 25 January 2022, Flames ikusewera ndi Morocco ku Cameroon, koyamba mmbiri yathu kufika ndime ya matimu 16 ya AFCON. Namondwe Ana anali atangowononga ku Kapichira, magetsi mmadera ambiri kunalibe, ife tinadzazana mu kashopu kena komwe kunali jenereta, ena ataima pamawindo mapazi ali mmatope. Mphindi 7 zokha Gabadinho Mhango anamasula chishoti chija ali kutali, goloboyi wa Morocco atasuntha pagolo, mpira nkukagwera muukonde. Abale, ndinakumbatirana ndi bambo wina amene dzina lake sindilidziwa mpaka lero, benchi inathyoka, mumdima monse muja Zingwangwa yense anakuwa nthawi imodzi. Tinaluza 2-1 koma tinabwerera kunyumba mitima ili yodzaza. Tsopano pitani lero pamalo oonetsera mpira Loweruka masana. Anyamata theka nkhope zili pa foni, akutsatira magemu 10 nthawi imodzi a mmayiko amene sangawaloze pa mapu, chigoli chokongola chikalowa wina amatukwana chifukwa chamuwonongera tikiti, sapota weniweni wa Manoma kumapempherera kuti Maule igoletse chifukwa anabetcha choncho. Mpira ndi womwewo koma kukoma kuja kunachoka, ndipo ambiri sapindula nkomwe, amataya zonse ziwiri, ndalama ndi mpira womwe.

China chimene ndingachiikire kumbuyo kulikonse ndi bawo. Pafupi ndi kwathu pali bambo wina wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango, ndipo kuseri kwa mulu wa matayala akutha amasungako bawo lakale, maenje ake 32 anachita kusalala nkuda ndi manja a anthu, nkhomo zinasowa zingapo nde pokwanitsa 64 anaikamo timiyala. Loweruka lililonse kuyambira cha mma 3 timakumana pamenepo, mdala wina mphunzitsi wopuma, wakabaza, mlonda wina amene amayamba ntchito 6 koloko, ine, ndi ena obwera nkumapita. Palibe amabetcha, woluza amangodzuka pa kampando nkupatsa mnzake. Mu bawo muli kudya ndi kutakata, ndipo odziwa kusewera amadziwa kuti si nthawi zonse umadya, pena umangotakata nkumadikira, kuwerenga maenje chamumtima milomo ikugwedera. Koma chachikulu chimene chimachitika pansi pa mango paja si nkhomo. Amuna kuno kwathu sititha kukhala pansi kuyang'anana mmaso nkunena kuti achimwene zandivuta, sitinaleredwe choncho, tinauzidwa kuti mwamuna salira. Koma maso ali pa bawo, dzanja likugawa nkhomo, munthu amatha kungoti, "mayi aja anapita kwawo sabata yatha," kapena "a katapila aja akuti abwera kudzanyamula firiji," nkupitiriza kusewera ngati sananene kanthu. Aliyense zii. Ndiye patapita mphindi zisanu mdala mphunzitsi uja, osadzutsa nkomwe mutu, nkuti, "mawa ndikuperekezani tikakambe nawo, musapite nokha." Ndaziona zimenezi kangapo ndi maso angawa.

Ndipo musazitenge mopepuka. Apolisi chaka ndi chaka akhala akulengeza za anthu odzipha mdziko muno, ambiri mwa iwo ndi amuna, zifukwa zake nzomwezomwezo, ngongole ndi mavuto a mbanja. Sindikunena kuti bawo ndi chipatala, munthu wodwala maganizo akufunika thandizo la achipatala ndithu. Koma munthu amene akapanda kuoneka Loweruka anthu anayi amamuimbira kuti muli kuti achimwene, ali pabwino kuposa amene angathe masabata atatu atadzitsekera mnyumba popanda wozindikira. Ku Zimbabwe dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda ataona kuti madokotala ngati iye ndi ochepa kwambiri, anaphunzitsa agogo aakazi kuti azikhala pa benchi panja pa zipatala zazing'ono ku Harare nkumamvetsera anthu. Ntchitoyi amaitcha Friendship Bench, ndipo vuto limene amalimbana nalo mChishona amati kufungisisa, kuganiza mopyola muyezo, matenda amene kuno tonse timawadziwa. Atafufuza anapeza kuti anthu okhala pa benchi paja amapezadi bwino. Zofunika zake ndi pokhala, munthu womvetsera, ndi tsiku lodziwika loti mukumananso, zinthu zimene ife tinali nazo kale pansi pa mitengo ndi pakhonde ndipo tikuzitaya tokha pozitcha kutaya nthawi.

Amayi pankhani iyi anatisiya kutali. Mayi a kunyumba kwanga tsiku la Mvano sungawaletse, amasita bulauzi yawo yoyera usiku, amabwerako mawu atasasa ndi kuimba koma nkhope ili ngwee. Ena ndi a Chigwirizano, a Umanyano, a Dorika, amayi a Dawa, ndipo ngakhale ku banki mkhonde kumene nkhani yake ndi ya ndalama, masheya amatha mu mphindi 30 koma anthu amabalalika patatha maola awiri. Kale ndinkadandaula kuti zimawadyera nthawi yambiri, ndinasiya chaka chimene mayi a kunyumba aja anadwala nkugona masabata atatu. Amayi aja anagawana masiku popanda wowapempha, uyu kudzaphika phala mmawa, uyu kudzachapa, wina kudzangokhala nawo pamphasa nkumaimba chapansipansi. Ine ndi kamalipiro kanga sindikanatha kulemba munthu wochita zimenezo, ndipo wolembedwa sakanaimba.

Za ubwino wa anthu okuzungulira si za kumudzi kokha ayi. Ku yunivesite ya Harvard ku America kuli kafukufuku amene anayamba mu 1938, anatsatira amuna 724 kuyambira ali anyamata mpaka kukalamba, ena ophunzira pa yunivesitepo ena ana a mmabanja osauka a mu mzinda wa Boston. Amene akuutsogolera pano, Robert Waldinger, wakhala akunena kuti chimene chinaonekera kwambiri pa zaka zonsezo nchakuti amene anali paubale wabwino ndi anthu awo ndi amene anakalamba athanzi komanso okondwa, kuposa zimene chuma kapena kutchuka kunawachitira.

Tsopano ndikudziwa pali wina akuwerenga izi nkumati akuluwa akhuta nchifukwa chake akutiuza za nkhunda. Ameneyo ndimumvera chifukwa ali ndi mfundo. Lipoti la World Happiness Report la 2024 linaika Malawi pa nambala 136 mwa mayiko 143, Finland ili pamwamba, ndipo iwo amangofunsa anthu eniake kuti pa makwerero a 0 mpaka 10 moyo wanu uli pati. Ndiye kankhani kaja kakuti Amalawi ndi osauka koma osangalala ine sindikagwirizana nako, kumwetulira mlendo sikutanthauza kuti wadya. Umphawi umapweteka, mwana kubwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi kumapweteka, palibe bawo kapena kwaya imene ingalowe mmalo mwa thumba la chimanga, ndipo otilamulira asamabisale kuseri kwa nsangala zathu, tiyenera kuwafunsa za ntchito, za mitengo ya zinthu, za mankhwala mzipatala osatopa. Koma pamene tikufunsa zimenezo pali madzulo a lero amene afika kaya kwacha yakonzeka kaya ayi, ndipo funso langa ndi lakuti madzulo amenewo tiwatani. Munthu amene wasiya kwaya, wasiya kuyendera anzake, wasiya kadimba kake poti alibe ndalama ndipo mutu uli pa ndalama basi, mavuto ake sanachepe olo pang'ono, wangochotsapo chimene chinkamuthandiza kuwasenza. Taonaninso kuti zimene ndikutchulazi pafupifupi zonse nzaulere, pomwe zimene amatigulitsa ngati zochotsa nkhawa, mowa, kubetcha, bandulo yoonera miyoyo ya anthu ena mpaka 1 koloko usiku, ndi zimene zimamaliza kangachepe kaja.

Wina anena za ulesi, ndipo zoona bawo lili ndi mbiri yoipa penapake chifukwa cha abambo ena okhalapo kuyambira 8 koloko mmawa mkazi ali kumunda kapena akuyenda ndi beseni ya tomato pamutu. Ameneyo ine sindimuikira kumbuyo, akubisala ntchito ndipo akudyera mkazi wake masuku pamutu. Ifeyo timayamba 3 koloko Loweruka chifukwa sabata yonse tinali kotakata kwenikweni, ndipo mdima ukayamba wokonza njinga uja amabweza bawo kuseri kwa matayala olo gemu itafika pokoma bwanji. Chizolowezi chabwino chimakhala ndi nthawi yoyambira ndi yothera, chikasowa malire chasanduka china.

Chovuta kwambiri kuyankha ndi cha anthu amene amati abale ndi anansi ndi katundu wolemera. Sakunama. Pali achibale amene amakukumbukira pa 25 pokha, pali miseche, kaduka, magulu a WhatsApp a zopereka osatha, uku ukwati uku chinkhoswe uku shawa, mpaka munthu umamvetsa amene anamanga mpanda wautali nkuika geti yachitsulo kuti apume. Sindikunena kuti aliyense umutsegulire chitseko kapena pempho lililonse uvomere, kukana kulipo ndipo nkofunika. Koma ife a mbali ino ya Blantyre tinaphunzira chinthu mu March 2023 chimene sindidzaiwala. Namondwe Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera mphiri la Soche kulowa mu Chilobwe, mdziko lonse anthu opitirira 1,000 nkutaya miyoyo, oyamba kufika pamalo anali aneba, ndi makasu, mafosholo, ena ndi manja okha mvula ikugwabe. Ndipo chimene chinkathandiza nchakuti ankadziwa kuti nyumba iyi munali ana angati, agogo aja amagona chipinda cha mbali iti, uyu usiku umenewo anali ku ntchito musamusake apa. Kudziwa kumeneko sikubwera tsiku la tsoka, kumachokera mzaka zopatsana moni, zopalana moto, zobwerekana mchere ndi wilibala, zokhala limodzi pa siwa usiku wonse. Tinthu timeneti tikamachitika timaoneka ngati topanda phindu lililonse.

Anzathu a ku Joni amazidziwa bwino izi. Mnzanga wina amene ali ku Johannesburg zaka zambiri, amatumiza ndalama, kwawo anamanga ya malata, anandiuza kuti tsiku lovuta kwa iye si la ntchito ayi koma Lamlungu masana mu kachipinda kake. Nchifukwa chake kulikonse kumene Amalawi achuluka kunjako mupeza ayambitsa katimu ka mpira, mapemphero a mChichewa, gulu lothandizana pa maliro, wina akalandira usipa ndi ufa woyera pa basi nkuitana anzake. Ndalama anaipeza koma anaona kuti zinazi nzofunika kuzimanganso ndi manja.

Nde chimene ndikupempha nchochepa. Amene luso lake likumudyetsa apitirize, palibe cholakwa kugulitsa keke kapena kuimba pa ukwati nkulipidwa. Koma siyaniko chinthu chimodzi chokha chimene sichili pa msika, chochita ndi manja kapena ndi mawu anu, chokhala ndi nthawi yake yodziwika, ndipo ngati nkotheka chokukumanitsani ndi anthu amene sangakupatseni ntchito kapena tenda. Chifukwa tsiku limene ndidzatsegule peji ija nkhunda zidzakhala za makasitomala, ndidzayamba kudzuka ndi nkhawa yakuti oda ya Lachisanu ikwana, ndidzayamba kuona kuti iyi ikudya misere yambiri koma siikuswa, ndipo yoyamba kupita pa moto idzakhala yofiirira yothyoka chala ija imene imandidikira pa chingwe.

Mnyamata uja anagona masiku awiri. Mmawa wachiwiri ndinamupeza wadzuka kale ali kuseri, akuti tulo tinatha, nde ndinampatsa kambale kaja kuti agwedeze yekha. Pochoka ndinamuikira ziwiri zazing'ono mu katoni, yaimuna ndi yaikazi, nkumuuza kuti akazitsekere kaye masabata angapo zizolowere pakhomo apo ayi zibwerera kuno, komanso kuti akuluakulu amati nkhunda sizikhala pakhomo pa mikangano nde akakhale bwino ndi amayi ake. Anaseka nkunena kuti iye zake zikachuluka adzagulitsa ndithu, ndinamuuza kuti nzake, adzaona yekha. Ntchito sanaipezebe mpaka pano. Dzana cha mma 6 mmawa wanditumizira voisi, khola anapanga ndi mapulanga otola pa malo ena omanga nyumba, akufunsa ngati zili bwinobwino kuti yaimuna ija ikumangotola timitengo nkumalowa nato mkati. Ndamuyankha kuti ikumanga chisa, aziikire udzu wouma pafupi, ndipo mazira akabwera asadabwe kuona yaimuna itakhalira masana, zimasinthana, yaikazi imalowa madzulo mpaka kucha.